Mfuti Zisanu za ku Mandala

Ophunzira a kwa Kadewere ndi m'Chiradzulu monse amaidziŵa nkhani ya John Chilembwe, koma ambiri amaitsiriza ndi mawu amodzi: analibe mfuti, n'chifukwa chake anagonja. Mawu ameneŵa aphunzitsi ayenera kuwawongola.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915, kuchera pa 24, anyamata a Chilembwe anakathyola nyumba ya zida ya African Lakes ku Mandala, mu Blantyre. Anayembekeza kusenza mitolo, koma anabwerera ku Mbombwe ndi mfuti zisanu zokha ndi zipolopolo pang'ono. Ndani akanazidalira? Komatu pa 25 Januwale, asilikali a boma atafika, mfuti zoŵerengekazo pamodzi ndi mikondo zinawatsekera njira, ndipo tsikulo Mbombwe sanagwe. Zinachita zoposa zimene eni ake anaganizira.

Chinasoŵa ndi anthu. Gulu la Filipo Chinyama ku Ntcheu linabalalika lisanamenye nkhondo, ndipo madera ena anangokhala duu. Pa 26 asilikali analoŵa mu Mbombwe popanda wowaletsa, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anawomberedwa cha ku Mulanje.