Chimanga Nacho Chisakwatirane Pachibale

Alimi anzathu, tifuna kudzudzula chizolowezi chimodzi chimene tichiona m'midzi yambiri pa nyengo yokolola. Munthu asankha zitsononkho zitatu kapena zinai zokongola, nazipachika kutsindwi, nati mbeu ya chaka chamawa yakwana. Ife titi munthuyo wayamba kuitana njala.

Taonani m'mene chimanga chibalira. Mphepo itenga mungu kungaiyaye ya phesi lina, niugwetsa pa ndevu za phesi linzake. Chotero njere iliyonse ili ndi atate ndi amai. M'mbeu muli zilema zobisika, zimene sizioneka pamene kholo limodzi lokha lili nazo. Koma makolo onse awiri akakhala ndi chilema chomwecho, chitulukira poyera pa mwana. Tsono mbeu ikachokera ku zitsononkho zowerengeka, munda wonse ukhala wa abale okhaokha, ndipo zilemazo zikomana. Pamenepo tiona mmera woyera mbee umene ufa usanakule, mapesi aafupi, ndi nkhokwe yosadzaza.

Mu 1908 George Shull wa ku Amereka anaonetsa kuti chimanga chobalitsidwa ndi mungu wake womwe chifookerafookera mbadwo ndi mbadwo, koma mabanja awiri ofookawo akakwatitsidwa, ana ake atuluka amphamvu. Pa nzeru yomweyo ena anapanga mbeu ya SR52 ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, naitulutsa mu 1960. Ndicho chifukwa chake mbeu ya haibulidi siyenera kubzalidwanso: ana ake onse ndi a bere limodzi.

Wina adzati, nanga fodya bwanji? Pakuti duwa la fodya lidzibalitsa lokha, koma fodyayo saonongeka. Zoonadi. Fodya wakhala akutero mibadwo yosawerengeka, ndipo zilema zake zambiri zinaonekera kale, mbeu zofookazo nizifa. Otsalawo ndiwo opetedwa. Chimanga sichinapetedwe chotero, mankhusu ake akali momwemo.

Chifukwa chake tikupemphani, sankhani mbeu chimanga chikali chiimire m'munda, pakati pa munda, ku mapesi ambiri olimba ndi opanda nthenda. Tonolani zitsononkhozo ndi kusakaniza njere zake. Tonde ndi tambala musinthane ndi a mudzi wina, angakwere ana ao omwe.

Makolo athu analetsa munthu kukwatira mlongo wake. Lamulo limenelo tilisunge ndi kumunda komwe.