Certeza ndi wabwino, koma moto usazime

Lero tikambirane za madzi akumwa.

Mukakazinga ngumbi kapena ziwala, pamakhala kachikamba kokhukhuta m'mano. Akatswiri amakatchula kuti chitin. Kamapezekanso mu bowa, ndipo m'bowa momwemo ndi mmene Mfalansa wina, Henri Braconnot, anakatulukira mu 1811. Pa ngumbi kachikambaka ndi ndiwo basi. Vuto ndi loti kachilombo kena kosaoneka ndi maso, ka amiba, komwe kamayambitsa mtundu wina wa kamwazi, kamavalanso chikamba chomwecho.

Kachilomboka kakamatuluka m'mimba mwa munthu kudzera m'chimbudzi, kamadzikuta m'chikamba cha chitin ngati kamba. Chikambachi chimakateteza pa dothi lonyowa ndi m'madzi kwa masabata angapo. Mvula ikakokolola zonyansa za kutchire n'kuzitsira m'zitsime zam'dimba, wotunga madzi amatunganso iko. Ngakhale asidi wa m'mimba sakapha. Kamakasweka m'matumbo, kenako munthu amayamba kutsekula m'mimba mwa magazi ndi mamina, ndipo nthawi zina kamakafika mpaka kuchiwindi.

Ambiri tinazolowera Certeza, ndipo abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu ali ndi WaterGuard. Musawasiye ayi: klorini amapha kachilombo ka kolera, ndipo amene anaona mliri wa 2022 ndi 2023 akudziwa kufunika kwake. Koma muyeso wa klorini umene timathira m'ndowa sungadaliridwe kuti uboola chikamba cha amiba. Chimene chimagonjetsa chikambachi ndi moto. Madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu.

Tikudziwa zomwe amayi munena: nkhuni zili kuti? Zoona, mapiri athu anatha mitengo. Komabe sitikunena madzi osamba kapena ochapira, koma akumwa okha, makamaka a ana. Mukaphula nsima, makala aja amangonyeka pachabe. Tenekani mphika wa madzi pomwepo. Zitsononkho nazonso zimayaka.

Ndipo inu abambo, chimbudzi ndi ntchito yanu. Munthu akhoza kukhala ndi amiba osadwala konse, koma n'kumafalitsa tsiku ndi tsiku. Sambani m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi komanso musanagwire chakudya.

Mwana akaonetsa magazi m'chimbudzi, musamugulire makapusozi pamsika. Kamwazi alipo wa mitundu iwiri, wa amiba ndi wa mabakiteriya, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Mpatseni thanzi ORS, n'kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo.