Zipinda Zosungiramo Katundu: Yambani Mwapima Malo

M'matauni a m'mbali mwa msewu wa Great East, kuyambira ku Nyimba, Petauke, Sinda, Katete kufikira ku Chipata, amalonda ang'onoang'ono amasowa poika katundu wao. Wogula nshawa ndi soya kwa alimi afuna pounjika matumba podikira galimoto lopita ku Lusaka. Wogulitsa salaula pamsika afuna potsekera mabelo ace usiku. Ena mwa anthu athu, makamaka opuma nchito ndi alimi amene akolola bwino, aona mwai pamenepa, ndipo afuna kumanga zipinda zobwereketsa zoti munthu aziika katundu wace, nakhoma loko wace, nalipira pamwezi. Ganizoli ife tiliyamikira. Cimene citidetsa nkhawa ndi kagulidwe ka malo, pakuti ndi pomwe ndalama ya penshoni ingathere njerwa imodzi isanaikidwe.

Akuluakulu akumbukira kuti lamulo la 1975, m'nthawi ya Dr Kenneth Kaunda, linati nthaka yopanda kanthu iribe mtengo. Munthu anali kugulitsa zokhazo zimene anamanga kapena kubzala pamalopo. Lamulo la za malo la 1995 linasintha zimenezi, ndipo kuyambira pamenepo nthaka iri ndi mtengo pamsika. Koma malo onse a mu Zambia akali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Wokhala ndi taitolo ali ndi cilolezo cogwiritsa nchito malowo kwa zaka zosapitirira 99, ndipo alipira msonkho wa malo caka ndi caka.

Tsono mtengo umene wogulitsa achula ndi ciyambi cabe. Ngati malo ali m'dera la mfumu, kalata ya nyakwawa si taitolo ai. Pafunika cibvomerezo ca mfumu yeniyeni, ca khonsolo, ndi ca Unduna wa za Malo, ndipo opima malo ayenera kubwera kudzaika mabikoni. Zonsezi zidya ndalama ndi miyezi. Ngati malo ali kale ndi taitolo, pitani mukafufuze ku Unduna ngati dzina lolembedwa ndi la munthu amene akugulitsaniyo, ndiponso ngati palibe ngongole ya msonkho. Funsaninso ku khonsolo ngati pamalopo ndi pololedwa kumangapo nyumba za malonda, cifukwa puloti yopatsidwa kuti pakhale nyumba yogonamo sisanduka ya malonda mwa kufuna kwa mwini yekha. Safunsa anadya phula.

Pa za kukula kwa malo ndi pamene ambiri amanyengeka. Titenge puloti ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, ndiye kuti masikweya mita 600. Cipinda ca mamita 3 mbali zonse citenga 9. Wowerengera pa pepala adzati mulowa zipinda 66. Si zoona. Galimoto lonyamula matumba lifuna polowera, poimirira ndi pobwerera. Mukasiya bwalo la mamita 10 pakati, ndi mamita 2 kuseri kwa nyumba kuti madzi a padenga apeze njira, mutsala ndi mizere iwiri yoyang'anizana ya zipinda 8 uliwonse. Zonse pamodzi ndi 16, ndipo zitenga masikweya mita 144, osakwana gawo limodzi mwa magawo anai a malo amene mwalipira. Mtengo wonse wa malo, pamodzi ndi wa mpanda ndi wa mlonda, ugwera pa zipinda 16 zimenezi.

Wina adzati, nanga ndigule lima yathunthu, mamita 50 mbali zonse. Lima iposa puloti ija kanai, ndipo ingalandire zipinda zambiri ndithu. Koma kodi pa Sinda pali amalonda angati ofuna cipinda? Yendani pamsika, muwawerenge, muwafunse kumene amasunga katundu tsopano ndi ndalama imene amalipira kumeneko. Ciwerengero cimeneco ndico cinene kukula kwa malo. Kumbukiraninso kuti mbeu zimadzaza zipinda kuyambira nthawi yokolola, feteleza ndi mbeu zobzala zibwera mvula iri pafupi, koma Januwale kufikira Malici zipinda zina zidzakhala zopanda kanthu, pamene mlonda afuna malipiro ace mwezi uliwonse. Werengerani ndalama ya miyezi isanu ndi itatu, osati ya caka conse, ndipo muone zaka zimene zidzapita mtengo wa malo usanabwerere.

Malo ochipa ali ndi cifukwa cace. Kawirikawiri ali kutali ndi msika, kumene wa njinga kapena wa ngolo adzafuna ndalama yoonjezera pa thumba lirilonse, ndipo wamalonda adzasankha khonde la mbale wace pafupi ndi sitesheni. Kapena ali kudambo. Wogulitsa wocenjera aonetsa malo mu Seputembala, pouma ponse. Inu kaoneni mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, muone kumene madzi aima ndi ngati galimoto lolemera lingafike pacipata. Cimanga cikatenga cinyezi cimaola, simenti imauma m'thumba, ndipo mwini katundu adzabwera kwa inu kudzafuna malipiro.

Kwa makhonsolo athu tikuti: polengeza mapuloti a malonda, lembani poyera kukula kwace, mtengo wonse ndi nchito yololedwa pamalopo, m'Cinyanja comwe, ndipo mukhome cidziwitsoco pamsika ndi pa bwalo la mfumu, kumene mlimi wa ku Vubwi kapena ku Lundazi angaciwerenge asanakwere basi ndi ndalama m'thumba.