Theka la senti: akulipira ndani, akukwera ndani?

*UTHENGA KWA ONSE A M'GULU*

Anzathu, werengani mpaka kumapeto musanatumize kwa ena.

Palibe wachinyamata wa m'tauni amene safuna mayendedwe abwino. Tatopa kukhala anayianayi pampando wa anthu atatu. Tatopa ndi mtengo wa minibasi wokwera mvula ikangodontha. Tatopa kufika mochedwa ku intavyu chifukwa dalaivala amadikira kuti idzaze kaye. Ndiye tsiku limene bwana wina adzaime pansanja n'kunena kuti mabasi amakono akubwera, ife tingowonjezera kamsonkho pang'ono pa zimene tikugula, ambiri tidzafuna kuomba m'manja. Manjawo ayambe akhala m'thumba. Kuli mzinda umene wayenda njira imeneyi kwa zaka zoposa 40, ndipo nkhani yake tiyenera kuidziwa bwino. Mzindawo ndi Los Angeles, ku America.

*Kamsonkho kamene kanakula*

M'chigawo cha Los Angeles County mumakhala anthu pafupifupi 10 miliyoni. Kumeneko ukagula chinthu m'sitolo, msonkho amauwonjezera pa kauntala pomwepo, ndipo chigawo chili ndi mphamvu yoika kagawo kake pamwamba ngati anthu avomereza pa voti. Kanayi konse anthu avomereza kagawo kotere kuti kalipirire mayendedwe: Proposition A mu 1980, Proposition C mu 1990, Measure R mu 2008, ndi Measure M mu 2016. Ulendo uliwonse nyambo inali imodzimodzi, kuchepa kwa nambala: theka la senti pa dola iliyonse, basi. Ndani angakane theka la senti?

Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Matheka anayi aja lero ndi masenti 2 pa dola, kutanthauza madola 2 pa madola 100 alionse. Measure R anaiika kuti ikhale zaka 30. Measure M ilibe tsiku lothera, ndipo inanenanso kuti Measure R ikadzatha mu 2039, theka lakelo lidzapitirira pansi pa dzina latsopano. Anthu 71 pa 100 alionse anavota kuti inde. Mwana amene wabadwa lero ku Los Angeles adzakalamba akulipirabe msonkho umene sanafunsidwe.

*Bodza loyamba: tonse tikulipira mofanana*

Tiyerekeze anthu awiri alowa m'sitolo imodzi, agula nsapato ya madola 50. Aliyense wasiya dola imodzi ya mayendedwe. Papepala zikuoneka zachilungamo, eti? Koma mmodzi amatsuka mbale m'lesitilanti, malipiro ake amathera pa lendi, sopo, zovala za ana ndi foni. Winayo ndi mwini nyumba zalendi, amadya kagawo kochepa ka ndalama zake, zotsala amasunga ku banki kapena kugulira masheya. Msonkho wa pogula sufika ku banki, sufika ku masheya. Umadikira pa kauntala, pamene wosauka amasiya pafupifupi zonse zimene wapeza. N'zoona kuti ku California zakudya zokaphika kunyumba ndi mankhwala olemberedwa ndi dokotala sazidula msonkhowu. Koma munthu savala ufa. Nsapato, malaya, sopo, mapoto, foni, zonsezo zimadulidwa.

Ndiye n'chifukwa chiyani anasankha kauntala ya sitolo? Yankho lili mu 1978. Chaka chimenecho anthu a ku California anavomereza Proposition 13, lamulo limene linatsekera msonkho wa malo ndi nyumba pa 1 peresenti, n'kuletsa kuti mtengo wowerengera msonkhowo usamakwere kupitirira 2 peresenti pachaka ngati nyumba sinagulitsidwe. Eni malo atadzimangira mpanda chomwecho, zigawo zinatsala ndi khomo losavuta kugogoda, la wogula. Ndipo onani mmene masewerawa amathera: siteshoni ya sitima ikamangidwa, malo oyandikana nayo amakwera mtengo. Phindu limapita kwa mwini malo. Wa lendi, amene analipira siteshoniyo pogula sopo, amalandira kalata yoti lendi yakwera.

*Bodza lachiwiri: ndalamazi n'za wokwera basi*

Poyamba zinaoneka choncho ndithu. Msonkho wa Proposition A utayamba kutoleredwa mu 1982, mtengo wa basi unatsika kuchoka pa masenti 85 kufika pa masenti 50, ndipo unakhala pamenepo zaka zitatu. Anthu anakhamukira m'mabasi mpaka maulendo anafika pafupifupi 500 miliyoni m'chaka cha 1985. Umboni unali poyera: tsitsani mtengo, anthu akwera.

Zaka zitatu zitatha, thandizo la mtengo lija linachoka ndipo ndalama zinayamba kulowera ku njanji. Mtengo wa basi unabwerera pa masenti 85, kenako unafika $1.10. Okwera anayamba kuchepa. Sitima ya Blue Line yopita ku Long Beach inatsegulidwa mu 1990, sitima yapansi pa nthaka ya Red Line mu 1993. Andale anadula maliboni, makamera anajambula. M'misewu, mabasi okalamba ankadutsa pa siteji osaima chifukwa adzaza kale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kenako mu 1994 bungwe loyendetsa mayendedwe la MTA, limene lero limatchedwa Metro, linaganiza zokweza mtengo wa basi kuchoka pa $1.10 kufika pa $1.35, ndi kuthetsa tikiti ya mwezi ya madola 42 imene anthu ogwira ntchito zamalipiro ochepa ankadalira. Taganizirani: walipira kale pa kauntala ya sitolo, tsopano ulipirenso zambiri pakhomo la basi, basi yake yoimirira.

*Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko*

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza mtima. Okwera mabasi sanakhale pansi n'kumadandaula. Anapanga gulu lawo, Bus Riders Union, pansi pa bungwe la Labor/Community Strategy Center. Ankakwera m'mabasi momwemo ndi timapepala ta Chingerezi, Chisipanishi ndi Chikoreya, kulankhula ndi amayi oyeretsa m'nyumba za anthu, alonda, ana asukulu, nkhalamba. Mothandizidwa ndi maloya a NAACP Legal Defense Fund, anakasuma ku khoti pogwiritsa ntchito lamulo loletsa tsankho la Civil Rights Act la 1964. Mfundo yawo inali yakuti okwera mabasi, ambiri mwa iwo anthu akuda ndi ochokera ku Latin America ndi ku Asia, anali 94 pa 100 alionse a makasitomala a MTA, pamene ndalama zochuluka zinkathera pa njanji zotumikira 6 otsalawo.

Jaji Terry Hatter anayamba waimitsa kuthetsa kwa tikiti ya mwezi. Mu 1996 MTA inasaina mgwirizano wa zaka 10 woyang'aniridwa ndi khoti: tikiti ya mwezi ikhalepo, pabwere tikiti ya sabata, agule mabasi ena, ndipo chiwerengero cha anthu oimirira m'basi chitsike mpaka pa mlingo wolembedwa. MTA itayamba kuzengereza, okwera anawerenga okha anthu oimirira pa masiteji, anayambitsa kampeni yokana kulipira ngati mpando palibe, n'kubwereranso ku khoti. Mabasi atsopano anabwera ambirimbiri. Sanabwere chifukwa cha chifundo cha mabwana. Anabwera chifukwa panali pepala losainidwa, jaji wolisunga, ndi anthu osatopa kuwerenga.

Mgwirizanowo unatha mu 2006. Sipanatenge nthawi, mitengo inakwera, ndipo m'zaka zotsatira maulendo a mabasi anadulidwa, ngakhale Measure R inali italowetsa ndalama zatsopano. M'zaka za m'ma 2010 njanji zinkatalika pamene okwera mabasi ankachepa. Kafukufuku wa Metro yemweyo wakhala akusonyeza kuti theka la okwera mabasi amachokera m'mabanja opeza ndalama zosafika madola 20,000 pachaka, mumzinda umene lendi yokha imameza munthu. Awa ndi anthu amene msonkho wa pogula umawaluma kwambiri, ndipo ndi omwewo amene amakhala kumapeto kwa mzere pogawana.

*"Ndiye inu simukufuna chitukuko?"*

Funso limeneli timalidziwa, amatifunsa pa chilichonse. Sitima si mdani wathu. Njanji za Los Angeles zimanyamula osauka ambiri lero, ndipo mzinda waukulu sungayende ndi magalimoto okhaokha. Tikudziwanso kuti osauka ambiri anavota kuti inde. Koma anawapatsa chisankho chotani? Msonkho wa pogula kapena kukhala opanda kanthu. Munthu wanjala ukamuonetsa mbale imodzi, usadzatame kuti wasankha yekha ndiwo.

Mbale zina zilipo. Ku France, kuyambira 1971 ku Paris ndipo kenako m'mizinda ina, makampani ndi amene amalipira msonkho wa mayendedwe, wowerengedwa pa malipiro a antchito awo. Lero umagwira olemba ntchito anthu 11 kapena kuposerapo. Nzeru yake ndi yosavuta: basi imakubweretsera antchito pakhomo m'mawa uliwonse, lipirako. Mzinda wa Dunkirk, umene umatolera msonkho womwewu, unachotseratu mtengo wokwerera basi mu 2018. Ku London, pomanga njanji ya Elizabeth line imene inatsegulidwa mu 2022, kuyambira 2010 anaika msonkho wapadera pa nyumba zikuluzikulu zamabizinesi, chifukwa ndi zimene zinkayembekezera phindu. Ngakhale ku Los Angeles komweko, mabasi anayenda ulere nthawi ya Covid, kuyambira 2020 mpaka Januwale 2022, ndipo dziko silinathe.

Pali vuto linanso limene okonda msonkho wa pogula satchula. Chuma chikavuta anthu amasiya kugula, msonkho umatsika, ndipo chinthu choyamba kudulidwa ndi maulendo a mabasi. Ngongole ya njanji sidikira, kontrakitala sadikira. Wodikira ndi iwe, pa siteji, nthawi imene ntchito yatha ndipo basi ukuifuna kuposa kale.

*Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe*

Kuno kwathu msonkho wa pogula tikuudziwa kale, dzina lake VAT. Tikakwera minibasi kapena kabaza wa njinga yamoto timalipiranso ndalama ya misewu imene ili m'kati mwa mtengo wa mafuta. Makolo athu amakumbukira mabasi a UTM ndi Stagecoach oyenda m'tauni pa nthawi yake. Ife tinabadwa atapita. Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu akukula tsiku ndi tsiku, ndipo nkhani ya mabasi akuluakulu sidzalephera kubwera. Ikadzabwera, funso la ndalama lidzabwera nayo, ndipo khomo losavuta kugogoda lidzakhala lomwe lija: thumba la wogula.

Choncho mfundo zathu tikuziika poyera lero, zisanafike pa tebulo la wina aliyense:

1. Asanakhudze kauntala ya sitolo, ayambe ndi amene adzapindule kwambiri: eni nyumba zikuluzikulu zamalonda, eni malo a m'mbali mwa msewu watsopano, ndi makampani olemba anthu ambiri.

2. Ngati wogula alipira, mtengo wokwerera utsike, ndipo kutsikako kulembedwe m'lamulo kwa nthawi yonse imene msonkhowo ulipo. Za zaka zitatu zokometsera, ayi.

3. Ndalama yoyendetsera mabasi tsiku ndi tsiku ikhale ndi gawo lake lotetezedwa. Kudula riboni n'kwa tsiku limodzi, mafuta, matayala ndi malipiro a dalaivala n'za tsiku lililonse.

4. Njira zoyamba zipite kumene kuli anthu oyenda pansi: Ndirande, Bangwe, Mtandire, Area 25, Chibavi. Kumene nyumba iliyonse ili ndi galimoto pageti kudikire.

5. Msonkho uliwonse ukhale ndi tsiku lothera. Akaufunanso, abwere adzapemphe, ali ndi malisiti m'manja.

6. Okwera akhale ndi mipando yovota mu komiti yoyang'anira ndalamazo, ndipo madalaivala, makondakitala ndi akabaza amve tsogolo lawo asanasainirane chilichonse.

Wina akadzakuuzani kuti ndi kandalama kochepa, mufunseni mafunso atatu: akulipira ndani, akukwera ndani, zalembedwa pati? Akayamba kuzungulira, mwadziwa kale.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense alembe ndalama zimene wawononga pa mayendedwe kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, ndi mphindi zimene wadikira pa siteji. Bweretsani manambalawo ku gulu la dera lanu. Anzathu a ku Los Angeles anapambana chifukwa anafika ku khoti atawerenga okha, ndipo ifenso tiyambe kuwerenga.

Tumizani uthengawu ku magulu a kusukulu, a kutchalitchi, a kumzikiti, a mpira ndi a pa siteji.