Sensa ya galimoto iyezedwe kaye isanagulidwe

Wamalonda aliyense amadziwa mtengo wa dengu la tomato ku Lizulu ndi wa thumba la kachewere ku Tsangano, koma ndi ochepa amene amadziwa makilomita amene Probox kapena Sienta yonyamula katunduyo ikuyenda pa lita imodzi. Phindu lambiri limathera pamenepa, ndipo nthawi zina gwero lake ndi kachipangizo kotalika ngati chala, komangidwa pa paipi ya ekizozi, kotchedwa oxygen sensor.

Ntchito ya sensayi ndi kuyeza mpweya wa okosijeni wotsala mu utsi n'kudziwitsa kompyuta ya injini, imene imaonjezera kapena kuchepetsa petulo kuti pa galamu imodzi ya petulo pakhale magalamu 14.7 a mpweya. Sensa ikafooka, kompyuta imayamba kuthira mafuta mongoyerekeza, ndipo kawirikawiri imathira ambiri. Galimoto imayamba kumwa petulo, kutulutsa utsi wakuda wonunkha mafuta ndi kunjenjemera ikaima. Mapulagi amada ndi mwaye ndipo nyali ya "check engine" imayaka.

Mwachitsanzo, galimoto yoyenda makilomita 14 pa lita imafuna malita 21 pa ulendo wa makilomita 300. Ikatsika kufika pa makilomita 11, ulendo womwewo umadya malita 27. Amene amakapikula katundu kawiri pa sabata ndiye kuti akutaya malita 12 sabata iliyonse, ndalama yochoka mu mpamba.

Ena nyali ikayaka amaimata ndi tepi, kapena kulipira makaniko kuti angoizimitsa, pomwe vuto likadalipo. Ena akangomva mawu oti "sensa" amathamangira ku Biwi kapena ku Ndirande kukagula ina. Onsewa akuluza, chifukwa nambala imene makina oyezera amaonetsa imangoloza mbali imene kompyuta yaona vuto. P0135 imanena za heater ya mkati mwa sensa yakutsogolo, ndipo cholakwika chikhoza kukhala fyuzi yopsa kapena waya woduka. P0171 imatanthauza kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya, zomwe zimachitikanso paipi ya mpweya ikang'ambika kapena pampu ya mafuta ikafooka. P0420 kawirikawiri imaloza catalytic converter, imene pa magalimoto ena ogula kwa anthu imapezeka itagogomoledwa kale chifukwa ogula zitsulo amafuna platinum ndi palladium wa mkati mwake. Sensa yatsopano singakonze chilichonse mwa izi.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kuwerenga nambalayo, ndipo mwini galimoto aione ndi maso ake n'kuilemba, poti safunsa anadya phula. Kenako aone mawaya, polumikizira, fyuzi komanso ngati ekizozi sikutaya utsi usanafike pa sensa. Akatero ayeze sensayo injini itatentha. Sensa wamba yamoyo imasinthasintha mwachangu pakati pa 0.1 ndi 0.9 volts, pomwe yakufa imaima malo amodzi kapena kuyenda mwaulesi. Ma Toyota ambiri ali ndi air-fuel sensor kutsogolo, imene imawerengedwa mosiyana, choncho makaniko adziwe mtundu umene akuyeza.

Ikapezeka kuti yafadi, igulidwe potengera nambala yolembedwa pa yakaleyo kapena nambala ya chassis, chifukwa yakutsogolo ndi yakumbuyo nthawi zambiri sizilowana. Denso, NTK ndi Bosch ndi makampani odziwika, koma dzina la pa bokosi si umboni, poti zachinyengo ziliponso. Wogula yogwirapo kale ntchito apangane ndi wogulitsa kuti ikakanika ibwezedwa, ndipo atenge lisiti. Zambiri zimamasulidwa ndi sipanala ya 22, mosamala kuti waya asapotoke. Kutsuka sensa yakufa ndi petulo sikuidzutsa. Ngati injini ikuwotcha oyilo kapena madzi a mu radiator akulowa mu injini, vutolo likonzedwe kaye, apo ayi sensa yatsopanoyo idzafanso.

N'zoona kuti kwa munthu wa geni yaing'ono ndalama yoyezetsera galimoto imawawa, makamaka pamene ikuyendabe. Koma kuyezetsa amalipira kamodzi, pomwe petulo wotayika amamulipira pa ulendo uliwonse. Mafuta osapsa bwino amawononganso catalytic converter, imene mtengo wake umaposa wa sensa kutali.

M'kabuku kolembamo ngongole ndi zopikula mukhalenso tsamba la mafuta. Wamalonda adzaze thanki, alembe makilomita, ndipo podzazanso agawe makilomita amene wayenda ndi malita amene wathira. Nambalayo ikayamba kutsika pa msewu womwewo ndi katundu wofanana, nthawi yopita ku galaja yakwana, ngakhale nyali isanayake.