Makiyi Ali M'thumba Mwanu, Anthu Ali M'dambo

Anthu oona zanyengo akangolengeza pa MBC ndi pa Zodiak kuti namondwe waoneka pa nyanja ya pakati pa Madagascar ndi Mozambique, eni galimoto a pa Liwonde ndi pa Balaka sakhalanso pansi. Uyu akuimbira mnzake amene ali ndi mpanda kumtunda, uyo akusaka lona yofunditsira Mark X yake, winayo wagona pamzere wa petulo. Zimenezo sindikuzitsutsa. Galimoto ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo chigwere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuitanitsa ina kuchokera ku Japan ndi maloto kwa ambiri. Chimene chikundiwawa n'chakuti kukonzekera konseko kumathera pa chitsulo. Galimoto ikangofika pamtunda, geti likhomedwa, makiyi m'thumba, mwini wake n'kukhala pakhonde kumaona pa WhatsApp momwe madzi akutengera anthu amene iye amawadziwa maina. Kumeneko ndi kuuma mtima, achimwene, ndipo tisakupatse dzina lina lokoma.

Pasapezeke wonena kuti zidatidzidzimutsa. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira m'maboma 15, Machinga ndi Balaka ali momwemo, anthu 106 adafa ndipo pafupifupi 230,000 adasowa pogona. Mu Malichi 2019 mvula ya namondwe Idai idapha anthu 60. Namondwe Ana adabwera mu Januwale 2022 n'kuphwasula damu la Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima, Gombe n'kutsatira pasanathe miyezi iwiri. Kenako Freddy. Namondwe ameneyu adabadwira kufupi ndi Australia, adayenda masiku 36, motalika kuposa wina aliyense amene akatswiri adalembapo, ndipo dziko lonse lapansi linkamuona akubwera. Adatera kachiwiri ku Mozambique pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, ndipo pofika pa 13 pulezidenti Lazarus Chakwera anali atalengeza kale kuti chigawo chakummwera chili pa ngozi. Kafukufuku wa boma adawerenga anthu 679 akufa, 537 osowa, ndi oposa 650,000 othawa m'nyumba zawo. Pa mndandanda wa maboma okhudzidwa, Machinga ndi Balaka analiponso. Misozi isanaume, Chido adadutsa mu Disembala 2024 n'kutenga miyoyo 13.

Onani chinthu chimodzi pa anamondwe amenewa: chenjezo limatsogola. Pamakhala masiku awiri, atatu, nthawi zina oposa, pamene kumwamba kuli mbee, msewu uli wouma, mlatho uli bwinobwino, koma wailesi ikunena kale kuti akunsi samukani. M'masiku amenewo ndi m'mene galimoto yanu ili yamtengo kuposa tsiku limene mudakailandira pa chipata cha Songwe. Akatha masiku amenewo, ilibenso ntchito.

Tiyeni tinene za amene ali kunsiko. Ku Utale, ku Phimbi ndi ku Nkaya anthu amalima ndi kugona m'mbali mwa Rivirivi ndi Shire. Kwa Mposa ndi kwa Kawinga midzi yatsamira ku madambo a nyanja ya Chilwa, kwa Ngokwe ndi kwa Chikweo yatsamira ku Chiuta. Pa Liwonde penipeni mtsinje wa Likwenu umatsika ndi madzi a m'mapiri amene tidawameta tokha ndi makala. Misewu yambiri yolowa m'midzi imeneyi ndi yafumbi, ndipo mvula ikagwa usiku umodzi wokha, dothi lamakande limagwira ngakhale Land Cruiser. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili pa Liwonde, ulendo wautali kuchokera kwa Ngokwe ngakhale m'chilimwe. Tsono wailesi ikamati thawirani kumtunda, ikuuza yani? Mnyamata wamiyendo yake athamanga. Nanga mayi wapakati amene watsala sabata imodzi? Agogo amene maondo adafa kale? Mwana wolumala amene amayenda pamsana pa amayi ake, amayiwo ali ndi wina kumanja ndi thumba la ufa pamutu? Anthu amenewa satsala m'nyumba chifukwa cha makani. Amatsala chifukwa palibe wowanyamula. Timawanyoza pambuyo pake kuti samva, pamene ife amene tinali ndi matayala anayi tidatseka geti.

Chimene chimandikwiyitsa koposa n'chakuti mwambo wobwereketsa galimoto tili nawo kale. Pakagwa zovuta m'mudzi, mwini lole sadikira kalata ya mfumu. Amathira mafuta, amatenga bokosi kapena jeneza, amanyamula anamfedwa mpaka kumanda, ndipo akakana, mudzi wonse umamunena mpaka zidzukulu zake. Tidaphunzira kunyamula mtembo mwaulemu. Munthu yemweyo akadali moyo, akupempha kuti timuchotse m'dambo, timamufunsa kuti ali ndi zingati. Kodi Mulungu amene timamupembedza Lachisanu ku mzikiti ndi Lamulungu ku tchalitchi tidzamuyankha chiyani pa zimenezi?

Ndikumva kale wina akuti yanga ndi yotsika, mimba yake imakhula pansi, kumudzi singalowe. Zoona, ndipo musailowetse. Koma phula lilipo. Pali M3 yochokera ku Zomba kudutsa pa Liwonde ndi Ulongwe kupita ku Mangochi, pali M8 yolumikiza Balaka, pali msewu wa Bakili Muluzi wodzera pa Nsanama, Ntaja ndi Nselema. Akabaza atha kutulutsa odwala m'midzi kuwafikitsa pa phula, inu n'kuwalandira pamenepo kupita nawo kuchipatala, kusukulu imene yasankhidwa kukhala msasa, kapena kwa abale awo kumtunda. Galimoto imene Loweruka imathamanga ndi nyimbo zogonthetsa m'khutu kupita kunyanja ikhoza kunyamula amayi anayi apakati pa ulendo umodzi. Mipando yanu yachikopa ikada ndi matope, idzapukutidwa.

Kuti itero iyenera kukhala yokonzeka, ndipo kukonza kwake sikuyamba tsiku la chenjezo. Mafuta m'dziko muno amasowa ngakhale kopanda namondwe, choncho kuyambira Disembala mpaka Epulo thanki isamatsike kupitirira theka. Matayala osalala achotsedwe, mabuleki aonedwe, batire ikhale yamoyo, zopukutira galasi zikhale zogwira, m'buti mukhale chingwe cholimba ndi tochi. Mapepala a galimoto ndi laisensi akulungidwe m'pulasitiki. Mukamaliza maulendo, musaimike galimoto pansi pa bulugama kapena mango, kapenanso pafupi ndi mpanda wa njerwa womangira dothi, poti zimenezi ndi zimene zimayamba kugwa nthaka ikakhuta madzi. Ndipo tsegulani pepala la inshulansi muliwerenge lero. Ambiri tili ndi ija yokakamizidwa ndi lamulo, yongotipulumutsa kwa apolisi apamsewu. Imeneyo imalipira munthu amene mwamugunda kapena kumuonongera katundu, yanuyo ikamira simudzalandira ngakhale tambala. Amene muli ndi inshulansi yokwana, funsani kukampani ngati madzi osefukira alimo, ndipo akuyankheni polemba.

Tsopano nditembenukire kwa anzathu ena, amene vuto lawo ndi losiyana. Awa galimoto saibisa. Amaitulutsa pa nthawi imene ikuyenera kuima. Mvula yagwa masiku awiri, mlatho sukuoneka, madzi ofiira akuyenda pamwamba pake atanyamula zitsa ndi mapesi. Pafika Sienta yopangidwira anthu asanu ndi awiri, mkati muli khumi, wina wakhala pampando umodzi ndi dalaivala. Dalaivala uja atulutsa mutu pawindo n'kunena kuti pano ndimadutsa tsiku lililonse. Anyamata a m'mbali akuti bwana tikukankhani, mungotipatsa ya sopo. Wina mwa okwera, amene akuthamangira kumsika, ayamba kumutcha wamantha dalaivala amene akuzengereza. Ndiyetu imfa imapanganidwa chomwecho, masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Che dalaivala, msewu umene mumaudziwawo ndi wa dzulo. Pansi pa madzi ofiirawo simukudziwa ngati phula likadalipo. Mu 2003 mtsinje wa Rivirivi udakokolola mlatho wa njanji kuno ku Balaka, mlatho womangidwira kusenza sitima ndi katundu wake, ndipo sitima zopita ku Lilongwe zidaima nthawi yaitali. Inu ndi Sienta yanu mukudalira chiyani? Akatswiri a zanyengo ku America, kumene anthu ambiri ofa ndi madzi osefukira amafera m'galimoto, amachenjeza kuti madzi othamanga akuya masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amatenga ngakhale zazikulu zija timazitama. Masentimita 30 safika n'komwe m'bondo. Matayala akangosiya kugunda pansi, chiwongolero ndi mabuleki zilibenso mawu, ndipo madzi akakankha chitseko kuchokera kunja, wa mkati sangachitsegule. Ganizani anthu khumi othinana, mwana ali pamiyendo, mawindo amagetsi atafa.

Ngakhale amene moyo wa anthu suwakhudza, amve za injini yawo. Injini imapuma mpweya, ndipo m'galimoto zotsikazi polowera mpweyapo pali pafupi ndi pansi. Madzi akalowa m'menemo sapanikizika monga umachitira mpweya, choncho zitsulo zokankha mapisitoni zimapindika kapena kuthyoka, injini n'kufa nthawi yomweyo. Makaniko aliyense wa pa Balaka akuuzani zimenezi. Ikakuzimirani m'madzi, musaiyese kuiliza, tulukani muthawe. Ikadzatulutsidwa ikokedwe mpaka kugalaja, achotse mapulagi, atsanule oyilo, aumitse mawaya. Koma dziwani kuti galimoto zamasiku ano zimayendera kompyuta, ndipo imene yamwa madzi imavutitsa mpaka kalekale.

Palinso amene namondwe amamuona ngati nyengo yokolola. Mtengo wa pa Ntaja kufika pa Liwonde ukwera kawiri chifukwa chakuti anthu ali pa mantha ndipo alibe kolowera. Ndikudziwa kuti mafuta a m'zigubu ndi odula, ndikudziwa kuti mwini galimoto amafuna yake madzulo alionse. Lipiritsani mafuta, palibe adzakudzudzulani. Koma kumutsitsa mayi wodwala chifukwa ndalama yake yaperewera, tsiku limene mtsinje ukukwera, ndi kuba kosasiyana ndi kwa amene amafunkha m'nyumba za anthu othawa. Mabungwe a madalaivala a pa siteji amadziwa kulanga mnzawo wolanda mzere. Alangenso uyu.

Mudzati zonsezi ndi ntchito ya boma. Inde, ndi yake, ndipo sindikulimasula. Napolo wa ku Phalombe wa mu 1991 ndi amene adabala lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo padatenga Freddy kuti aphungu adutsitse latsopano mu 2023. Tili ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, tili ndi makomiti a ngozi kuyambira pamudzi mpaka pakhonsolo. Koma komiti ya pamudzi imene ili ndi mluzu ndi chimkuzamawu chabe ingachenjeze, singanyamule munthu. Asilikali ndi a Red Cross amabwera ndi maboti madzi atafika kale m'khosi, ndipo ndimawapatsa ulemu chifukwa amaika moyo wawo pachiswe. Koma maboti ndi ochepa, ndipo kupulumutsa munthu mmodzi pamtengo kumadya ndalama zambiri kuposa kumusamutsa pa lole dzana lake. Madzi saiwala khwawa. Midzi imene idamira mu 2015 ndi yomweyo imene imamira lero, maina ake ali m'mafayilo a khonsolo, ndipo palibe chifukwa choti chaka chilichonse tizichita ngati tikuimva koyamba.

Malole m'maboma muno alipo. Nthawi ya kampeni timawaona akulowa mpaka m'midzi imene ambulansi siidziwa, akututa anthu ulere kupita nawo kumsonkhano, mafuta osasowa, dalaivala osadandaula za msewu. Andale amene adatha kusamutsa midzi yathunthu kuti ikawaombere m'manja asatiuze kuti sangathe kuisamutsa kuti ipulumuke.

Choncho ndikupempha abwanamkubwa a Machinga ndi Balaka, pamodzi ndi mafumu onse kuyambira kwa Nsamala ndi kwa Kalembo mpaka kwa Kawinga ndi kwa Nyambi, kuti mvula isanayambe alembe mndandanda. Gulupu aliyense adziwe lole, minibasi, Sienta, thalakitala ndi njinga yamoto imene ili m'dera lake, nambala ya foni ya mwini wake, ndi nyumba zimene muli anthu osatha kuyenda okha. Khonsolo ipatule ndalama ya mafuta isanafike Disembala, kuti mwini galimoto asamaope kuti alowa m'ngongole. Galimoto za boma ndi za mabungwe zimene zimadzaza malo ogona alendo pa Liwonde nthawi ya misonkhano zilowe pa mndandanda womwewo. Chenjezo likangotuluka, maulendo ayambe tsiku lomwelo. Madzi akakwera pamwamba pa mlatho, apolisi aime mbali zonse ziwiri atseke njira, ndipo dalaivala woumirira kudutsa ndi anthu alandidwe makiyi pomwepo, kaya galimotoyo ndi ya phungu kaya ndi ya nduna. Inu amene muli ndi galimoto musadikire kuti akusakeni. Pitani nokha kwa agulupu sabata ino mukalembetse nambala yanu.