ZA MASEWERA A KUTALI: MLANDU WA KU BOSTON SUOLA

Paliponse pamene pali timu ya masewera pamakhala makhoti awiri. Loyamba ndi la eni timu, amene amakhala m'ofesi namagula ndi kugulitsa osewera. Laciwiri ndi la ocemerera, amene alibe ofesi kapena cidindo, koma saiwala kanthu. Sabata ino ndikupita nanu ku mzinda wa Boston, kum'mawa kwa dziko la United States of America, kumene khoti laciwirili lakhala likuzenga mlandu umodzi kwa zaka zoposa 100. Timu yace ndi Boston Red Sox, ndipo masewera ace ndi baseball.

Popeza masewera amenewa saoneka kawirikawiri kuno kwathu, ndiyambe ndawalongosola pang'ono. Timu iriyonse imakhala ndi anthu 9 m'bwalo. Mmodzi amaponya kampira kolimba kosaposa lalanje, ndipo wa timu inayo amaima ndi cibonga kuti akamenye. Akakamenya amathamanga mozungulira bwalo, kuponda pa malo anai oikika, ndipo akabwerera pamene anayambira adani asanamtulutse, timu yace yapata cigoli cimodzi. Akamenya mwamphamvu mpaka kampirako nkudumpha mpanda, amazungulira popanda womletsa. Kumenya kotereku amakucha home run, ndipo ndiko kumene khamu limadzera. Pakutha pa caka matimu awiri oposa onse amalimbirana cikho cacikulu pa mpikisano wochedwa World Series. Masiku ano timu imene yayamba kupambana kanai pa masewera asanu ndi awiri ndiyo imanyamula cikhoco.

KUGULITSA NG'OMBE YA PATSOGOLO

Timu ya Boston ndiyo inatenga cikho coyambirira mu 1903, ndipo inacitenganso mu 1912, 1915, 1916 ndi 1918. Pa zikho zitatu zomarizirazo inali ndi mnyamata wina dzina lace Babe Ruth, amene anayamba monga woponya koma pambuyo pace anaoneka kuti pomenya analibe mnzace. Mu 1919 anamenya ma home run 29, ciwerengero cimene kufikira nthawi imeneyo panalibe anacifikapo. Ruth anafuna kuti malipiro ace akwere kucoka pa madola 10,000 kufika pa 20,000 pa caka. Mwini timu, a Harry Frazee, amene analinso ndi nchito yoonetsa masewero a zisudzo ku New York, sanafune zokangana. Mu December 1919 anamgulitsa ku timu ya New York Yankees pa mtengo wa madola 100,000.

Mlimi aliyense adziwa cimene cimacitika ukagulitsa ng'ombe yotsogolera pa goli. Caka cotsatira Ruth anamenya ma home run 54, ndipo mu 1927 anafika pa 60. Timu ya Yankees, imene inali isanalaweko cikho ndi kamodzi komwe, inatenga coyamba mu 1923, ndipo pofika caka ca 2000 inali nazo 26. M'zaka zonsezo Boston sinatengeko ngakhale cimodzi. Inafika pa mpikisano womariza mu 1946, 1967, 1975 ndi 1986, ndipo nthawi zonse zinai inagonja pa sewero lacisanu ndi ciwiri, cikho ciri pafupi ngati cala ndi mkamwa. Ted Williams, amene ambiri amati ndiye anali katswiri woposa onse pomenya, anasewerera timuyi kuyambira 1939 mpaka 1960, napuma wopanda cikho.

Pamenepo ocemerera ambiri anayamba kunena kuti timu yao inatembereredwa tsiku limene inagulitsa Ruth. Mu 1990 mtolankhani wa ku Boston, a Dan Shaughnessy, analemba buku lochedwa The Curse of the Bambino, ndipo dzina limeneli linafala m'dziko lonse. Bambino linali dzina lina la Ruth. Musaganize kuti za mankhwala okwirira pa goli nza kuno kokha. Mu 2001 munthu wina anakwera phiri la Everest nakasiya cipewa ca Red Sox pamwamba pace kuti acotse tsokalo. Mu 2002 ena anamira m'dziwe la ku Sudbury kufunafuna piyano imene amati Ruth anaponyamo kalekale, poganiza kuti akaibvuula mzimu wace udzakhululuka. Piyanoyo sanaipeze.

MUNTHU MMODZI ANASENZA ZA ONSE

Temberero likasowa nkhope, anthu amalifunira nkhope. Pa 25 October 1986 Boston inali kusewera ndi New York Mets. Inali patsogolo ndi zigoli 5 kwa 3, ndipo kunatsala kutulutsa munthu mmodzi yekha kuti cikho cipite ku Boston. Oponya ace analola anthu atatu kumenya motsatana. Kenaka woponya wina anaponya mokhota, kampira kanapitirira wowakha, zigoli zinalingana. Zitatero Mookie Wilson anamenya kampira kofooka kokwawa pansi, ndipo kanadutsa pakati pa miyendo ya Bill Buckner. Mets inapambana usiku umenewo, ndiponso pa sewero lomariza, m'mene Boston inayamba iri patsogolo ndi zigoli 3 kwa 0 koma nkugonja 8 kwa 5.

Kwa zaka zambiri dzina la Buckner linasanduka citonzo. Ocepa okha ndiwo anali kukumbukira kuti pamene kampirako kanamdutsa zigoli zinali zitalingana kale, kuti munthuyo anali kusewera ndi akakolo opweteka, ndiponso kuti mphunzitsi wa timu, a John McNamara, anali ndi cizolowezi comlowetsera mnzace Dave Stapleton cakumapeto kwa sewero koma tsiku limenelo sanatero. Buckner anasewera zaka 22 namenya bwino nthawi 2,715, koma anthu anasunga kamphindi kamodzi kokha. Mu 2008 anaitanidwa ku bwalo la timuyi, Fenway Park, ndipo khamu linaimirira nkumuombera m'manja nthawi yaitali iye akupukuta misozi. Anamwalira mu 2019. Kupepesako kunali kwabwino, koma kunadza patapita zaka 22.

NKHANI IMENE SIINALI KUKAMBIDWA

Tsono pali gulu lina la ocemerera limene limati za temberero nzongodzinamiza. Iwo amaloza tsiku lina, 16 April 1945. Masiku amenewo matimu akuluakulu a baseball sanali kulola anthu akuda, ndipo akudawo anali ndi matimu aoao. Akuluakulu athu amene anaguliranapo nyama pa kazenera m'masiku a atsamunda safunika kuwauza kuti tsankho lotere limawawa bwanji. Pa tsikulo, atakakamizidwa ndi khansala wina wa mzinda, a Isadore Muchnick, akuluakulu a Red Sox anaitana osewera akuda atatu ku Fenway Park kuti awayese: Jackie Robinson, Sam Jethroe ndi Marvin Williams. Anyamatawo anaonetsa luso lao napita kwao kukadikira yankho. Yankholo silinabwere.

Patapita zaka ziwiri, pa 15 April 1947, Robinson anabvala malaya a Brooklyn Dodgers, nakhala munthu wakuda woyamba m'matimu akuluakulu m'nyengo yathu ino. Caka comweco anasankhidwa kukhala wopambana mwa osewera atsopano, mu 1949 anasankhidwa kukhala woposa onse m'cigawo cace, ndipo mu 1955 anatenga cikho. Jethroe nayenso anapata ulemu wa wosewera watsopano wopambana mu 1950, ali mu mzinda womwewo wa Boston koma m'timu ina yochedwa Braves. Red Sox, imene mwini wace kuyambira 1933 mpaka 1976 anali a Tom Yawkey, inakhala yotsiriza pa matimu onse 16 kulandira munthu wakuda. Pumpsie Green analowa mu July 1959, Robinson atapuma kale masewera.

Ine ndiri kumbali ya gulu limeneli. Kwa zaka 12 matimu ena anali kutunga pa zitsime ziwiri, pamene Boston inadzitsekera cimodzi mwadala. Munthu wokana mbeu yabwino cifukwa ca maonekedwe a thumba, akakolola zocepa asanamizire mfiti. Eni timu a masiku ano anabvomereza colakwaci poyera, ndipo mu 2018, iwo atapempha, mseu wa pambali pa bwalo unacotsedwa dzina la Yawkey Way nubwezeredwa dzina lace lakale la Jersey Street.

PAMENE OCEMERERA ANAPHONYA

Koma tisawakweze kwambiri ocemerera, pakuti naonso amaphonya. Mu 2002 timuyi inagulidwa ndi gulu la a John Henry, lomwe kuyambira 2010 lirinso ndi timu ya mpira wa miyendo ya Liverpool imene ambiri a inu mumaitsata pa wailesi. Iwo anapatsa nchito yosankha osewera kwa mnyamata wa zaka 28, Theo Epstein. Mu January 2003 iye anatola David Ortiz wa ku Dominican Republic, amene timu ya Minnesota Twins inali itamtaya. Ndiye pa 31 July 2004 anacita cinthu cimene cinagwedeza mzinda: anapereka Nomar Garciaparra, wokondedwa wa ana ndi akulu omwe, ku Chicago Cubs. M'malo mwace munabwera Orlando Cabrera ndi Doug Mientkiewicz, anthu osachuka kwenikweni koma odziwa kugwira kampira. Tsiku lomwelo anatenganso Dave Roberts, munthu waliwiro. Ambiri anati nkhani ya Ruth yabwereranso.

Mu October caka cimeneco Boston inakumana ndi Yankees pa mpikisano wopitira ku World Series, nigonja katatu motsatana. M'mbiri yonse ya baseball panalibe timu imene inadzukapo pamenepo. Pa sewero lacinai, kutatsala pang'ono kuti zonse zithe, Roberts anathamanga mozemba nafika pa malo aciwiri, kenaka nalinganitsa zigoli. Ortiz anamariza ndi home run pakati pa usiku. Boston inapambana kanai motsatana, kenaka inagonjetsa St. Louis Cardinals kanainso, ndipo pa 27 October 2004 cikho cinabwerera patatha zaka 86. M'masiku otsatira anthu anapita ku manda kukaika zipewa ndi mbendera za timu pa mitumbira ya makolo ao amene anafa akudikira. Ndipo taonani amene anathetsa ludzu limeneli: Ortiz, Pedro Martínez, Manny Ramírez, Roberts, anthu amene mu 1945 akanauzidwa kuti apite kwao akadikire yankho. Timuyi inatenganso cikho mu 2007, 2013 ndi 2018.

BALA LAKALE LITUKUSIKANSO

Mukanayesa kuti mlandu watha. Koma mu February 2020 eni timu anapereka Mookie Betts ku Los Angeles Dodgers. Betts, mnyamata wakuda wa ku Tennessee amene analeredwa ndi timuyi, ndiye anasankhidwa kukhala woposa onse m'cigawo cace mu 2018, caka cimene Boston inatenga cikho. Pangano lace linali pafupi kutha, ndipo kunali kodziwika kuti latsopano lidzadya ndalama zambiri. A Dodgers sanazengereze: mu July caka comweco anampatsa pangano la zaka 12 la madola 365 miliyoni. Dodgers inatenga cikho mu 2020, 2024 ndi 2025, Betts ali momwemo, ndipo mphunzitsi wace pa zikho zonse zitatu anali Dave Roberts yemwe uja. Boston inathera pa mcira wa gulu lace mu 2020, 2022 ndi 2023. Ndiye mu June 2025 inaperekanso Rafael Devers ku San Francisco Giants, patabuka kusamvana pa za malo amene ayenera kusewerapo.

Apa ocemerera agawanikanso. Ena amati munthu mmodzi sangadye cakudya ca mudzi wonse, ndipo ndalama zace zingathe kulera anyamata asanu. Ena amati eni timu amene ali ndi cuma cogulira Liverpool sangalire umphawi pamaso pa anthu amene amalipira mitengo yokwera pa cipata ca Fenway Park. Palinso ena amene amangoti timu ndi timu, mako ndi mako usamuone kucepa mwendo.

Maganizo anga ndi awa. Wosewera akacoka, funso loyenera ndi lakuti: kodi wacotsedwa kuti timu ilimbe, kapena kuti thumba la mwini lisapepuke? Garciaparra anacoka ndipo mipata ya m'bwalo inatsekedwa, zipatso zinaoneka pa miyezi itatu. Ruth ndi Betts anacoka pa nkhani ya malipiro, ndipo zipatso zinakapsera m'munda wa eni. Robinson sanalowe nkomwe, pa cifukwa coipa kuposa zonsezi. Pa zinthu zinai zimenezi palibe ndi cimodzi comwe cimene cinacitidwa ndi mzimu, kapena ndi munthu wa akakolo opweteka. Zonse zinacitidwa ndi anthu okhala pa mipando, ogwira colembera.

Cifukwa cace ndikuti ocemerera asaleke kukamba, pakuti mwini timu alibe khoti lina limene angaope koposa cikumbumtima ca anthu ace. Koma pozenga mlanduwo aziyamba afunsa amene anasaina pepala, asanathamangire kutukwana mnyamata amene kampira kamdutsa. A Frazee anamwalira mu 1929, koma ku Boston dzina lao likali kuchulidwa pa mlandu wa 1919. Amene ali ndi timu m'manja mwao, kaya ndi ya mumzinda kaya ndi ya pamudzi, amve cimeneci.